Usiku umene ndinanyamula chikwanje kupita kungalande

Usiku wina wa mu Okutobala 2016 ndinadzuka cha m'ma 1 koloko, n'kutenga tochi ndi chikwanje. Mayi a kunyumba anandifunsa ali chigonere kuti, "Bambo ake, chikwanjecho n'cha chiyani?" Ndinati n'cha njoka. Tonse awiri tinkadziwa kuti ndikunama.

Ndimalima mpunga m'sikimu ina ya ulimi wothirira ya kuchigwa cha nyanja ya Chilwa. Dzina lake sinditchula, chifukwa anthu amene ndikuwanena m'nkhaniyi alipo ndipo timakumana pamaliro. Ndime zanga zitatu zili kumunsi kwenikweni, kumene ngalande imathera. Amene analimapo m'sikimu akudziwa tanthauzo lake: madzi akachuluka amadzakusefukira iwe, akachepa amayamba kusowa kwa iwe. Chaka chimenecho mvula inali itavuta dziko lonse, moti mu Epulo boma linalengeza kuti kwagwa tsoka la njala. Chimanga cha kumunda chinapserera, choncho aliyense anaika mtima pa mpunga wa m'chilimwe. Pofika usiku umenewo ndime zanga zinali zitatha masiku asanu ndi anayi osalawa madzi. Dothi linali litang'aluka moti chala chinkalowa chonse, masamba atapinda ngati a anyezi, chonsecho mpungawo unali utatenga mimba.

Ndinayenda m'mbali mwa ngalande kulowera kumtunda, pansi pali gwa. Nditadutsa mageti atatu ndinamva kamkokomo ka madzi. Pamenepo panali thunthu la nthochi lopingasa, kuseri kwake thumba la feteleza lodzaza dothi, mipata yonse yomata bwinobwino ndi matope. Madzi onse ankakhotera m'ndime imodzi. Ndinawalitsa tochi kuti ndione mbava yanga, ndipo kuwalako kunagwera pankhope pa amalume anga enieni, mlongo wawo wa mayi anga, atakhala pamzere atafunda chitenje cha akazi awo.

"Ndiwe mphwanga?"

"Ndine, amalume. Koma zimenezi ndiye ziti?"

"Khala pansi. Wanga ukufa ngati wakowo. Umafuna ndizingouyang'ana?"

Ndinakhala, chikwanje ndinachibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa ndi chiwaya cha nyama. Kenako anandiuza kuti ndichotse ndekha thunthulo ndione ngati madziwo akafike kwanga. Ndinachotsa. Tinawatsatira ndi tochi pang'onopang'ono. Anayenda mwina mamita zana limodzi, akulowa m'ming'alu ya ngalande youma ija, m'mauna a nkhanu, m'mapazi a ng'ombe, mpaka anangothera m'dothi. Kwanga sanafike. Amalume sananene kanthu, anangobwezera thunthu lawo pamalo pake.

Chaka chimenecho pa ndime zitatu ndinakolola matumba awiri, theka lake mphwepwa. Ndinakwiya kwa miyezi, koma chimene ndinaona usiku uja sichinandichoke m'mutu. Ndinapita kukasaka wakuba, ndipo ndinamupezadi, koma ngakhale akanapanda kuba mpunga wanga sukanapulumuka. Tinali titaokera ndime zambiri kuposa madzi amene mtsinje unali nawo. Mlandu umenewo tinaupalamula tonse mu Julayi pofesa nazale, osati mu Okutobala.

Kuti mumvetse chifukwa chimene tinkachitira zimenezi, muyenera kudziwa kumene masikimuwa anachokera. Masikimu akale a mpunga, monga a Domasi, Likangala, Muona, Limphasa, Hara ndi Wovwe, anamangidwa nthawi ya Kamuzu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi m'ma 1970, ndipo akatswiri a ku Taiwan anathandiza kwambiri pa ulimi wa mpungawo. Nthawi imeneyo zonse zinali m'manja mwa boma. Bambo anga ankasimba kuti tsiku lofesa, tsiku lookera, tsiku lotsegula geti, zonse ankachita kuuzidwa, ndipo kunali apayoniya, achinyamata a chipani cholamula, oti sungayerekeze kuwatsutsa. Munthu waulesi ankalandidwa ndime. Apayoniya atatha mu 1993 ndipo ndale zitasintha, mantha anatha, koma palibe chimene chinalowa m'malo mwake. Kenako kunabwera mfundo yoti alimi aziyendetsa okha masikimu kudzera m'mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, amene tonse timangowatchula kuti WUA, ndipo lamulo la ulimi wothirira la 2001 linatsegula njira imeneyo. Anatipatsa makiyi a mageti, malamulo olembedwa, ndi maphunziro a masiku angapo. Chimene sitinapatsidwe ndi mtima wouza mnzako, m'bale wako, apongozi ako, kuti chaka chino musaokere ndime zonse.

Pa chisankho cha chaka chotsatira usiku wa chikwanje uja anthu a kumunsi anandikankhira kutsogolo kuti ndikhale mlembi wa komiti ya nthambi yathu ya ngalande. Sikuti ankandiona wanzeru ayi. Ankafuna munthu waukali woti akawalankhulire, ndiponso ndinkatha kulemba. Ndikuvomereza kuti ndinalowa ndi mtima wokabwezera.

Amene anandiziziritsa ndi mlangizi wina wachitsikana amene ankabwera panjinga yamoto. Nditamudandaulira za anthu a kumtunda kwa theka la ola, anandifunsa funso limodzi: "Bambo, m'ngalande mwanumu mukudutsa madzi ochuluka bwanji?" Ndinati ochepa. Anati, "Ochepa bwanji?" Ndinalibe yankho, ndipo pa anthu onse a m'komiti panalibe amene anali nalo. Zaka zonsezo tinkakangana pa chinthu chimene sitinachiyezepo.

Anatiphunzitsa kuyeza ndi botolo, ndipo ndikulongosola bwino chifukwa sizifuna ndalama. Mumasankha pamene ngalande ili yowongoka, n'kuyeza mamita 10 ndi chingwe, kuzika kamtengo koyambira ndi kothera. Mumatenga botolo la pulasitiki, kuthiramo madzi pang'ono kuti lisamauluke ndi mphepo, kuliponya chakumtunda kwa kamtengo koyamba, n'kuwerenga pa foni masekondi amene latenga kuti lifike pa kachiwiri. Muchite katatu, mutenge nambala ya pakati. Kenako muyeze kutambalala kwa madzi ndi kuya kwake. Tsiku loyamba lija madzi anali otambalala masentimita 60, akuya masentimita 20, ndipo botolo linatenga masekondi 25. Kuchulukitsa zonsezo kunatipatsa malita 48 pa sekondi. Koma madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi, ndiye mumachotsapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Tinatsala ndi malita 38 pa sekondi, amene pa tsiku lonse, usana ndi usiku, amakwana malita oposa 3 miliyoni.

Nambala imeneyo inatisangalatsa mpaka anatiwerengera mbali inayo. Ndime imodzi kwathu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala. Kuti madzi akwere sentimita imodzi yokha m'ndime yotere pamafunika malita 10,000. Tinazika rula m'ndime zingapo ndipo tinaona kuti mu Okutobala, dzuwa ndi dothi pamodzi zimamwa sentimita imodzi ndi theka pa tsiku m'ndime zathu zambiri. Onjezani amene amatayika m'njira, amene ine ndinawaona ndi maso usiku uja. Titamaliza masamu, madziwo ankakwanira ndime pafupifupi 150. Nthambi yathu ili ndi ndime zoposa 250, ndipo chaka chilichonse tinkaokera zonse.

Msonkhano wouza anthu zimenezi unali wowawa kuposa usiku wa chikwanje. Tinauchitira pansi pa mtengo wa mango, amfumu ali pomwepo. Ena ankati botolo silingaweruze mlandu wa anthu akuluakulu. Bambo wina wa kumtunda anaimirira n'kunena kuti iye madzi sanamusowepo, ndiye achepetserenji munda chifukwa cha tsoka la ena. Anali wolondola pa mbali yake, ndipo apa m'pamene pamagona vuto lonse la sikimu: wa kumtunda alibe chifukwa chomvera lamulo, pokhapokha pali chimene iyenso akufuna kwa a kumunsi. Mwamwayi chinalipo. Mchenga umayamba kukwirira kumtunda, ndipo chaka chilichonse amene ankabwera ambiri kudzafukula pamutu pa ngalande anali ife a kumunsi, chifukwa ndife tinkavutika. Mayi wina wamasiye wa kumunsi ndi amene ananena mosapsatira: "Ngati madzi ndi anu nokha, mchenganso ndi wanu nokha. Chaka chino makasu athu sabwera." Panakhala chete. Amalume ndi amene anayamba kuseka, n'kunena kuti mayiwo anena zoona.

Tinagwirizana kuti m'chilimwe banja lililonse liziokera mpunga molingana ndi madzi amene tayeza mu Julayi, tikuchotserapo poti mtsinje umapitirira kuphwa mpaka Novembala. Chaka chimenecho zinatanthauza kuti wa ndime zitatu aokera ziwiri, wa ziwiri aokera imodzi ndi theka, koma wa imodzi sitinamukhudze. Ndime zotsalazo anthu anadzalamo nyemba, chimanga chachiwisi, mbatata, mpiru ndi tomato, zimene zimangofuna kunyowetsa kamodzi pa sabata. Tinagwirizananso kuti m'chilimwe tizifesa mbewu yocha msanga ngati Pussa. Kilombero ndi Faya, ngakhale amakoma ndi kugulidwa bwino, ndi a dzinja. Ndipo nazale yonse ifesedwe mkati mwa masabata awiri, chifukwa wochedwa amadzafuna madzi ambiri nthawi imene mtsinje wafika pouma.

Chachiwiri chinali kusinthana. Kale geti lililonse linkakhala lotsegula pang'ono nthawi zonse, aliyense akulandira kamkodzo ka madzi kosafika kulikonse. Tinagawa nthambi m'zigawo zinayi, chigawo chimodzi chizilandira madzi onse kwa tsiku limodzi ndi usiku wake, mageti ena onse ali chitsekere. Madzi akayenda pamodzi amakhala ndi mphamvu, amathamanga, ndipo ochepa okha ndi amene amatayika m'njira. Chinsinsi chake, chimene ndikupempha aliyense woyendetsa sikimu kuti achigwire, n'chakuti kuthirira kuziyambira kumunsi kumabwera kumtunda. Ukayambira kumtunda, tsiku limatha wa kumapeto asanalandire ndipo amauzidwa kuti adikire ulendo wina. Ukayambira kumunsi, wa kumtunda amayang'ana madzi akudutsa pakhomo pake, koma amadziwa kuti ake sangalephere kufika poti ali pafupi. Ndondomekoyo tinailemba ndi penti pachitsulo cha lata n'kuikhoma pamphambano ya ngalande, kuti pasakhale wonena kuti sanamve.

Tinalakwitsa zingapo, ndipo ndi bwino ndizinene. Poyamba tinagawa maola mofanana pa ndime iliyonse, osaganiza kuti dothi limasiyana. Chigawo china chili ndi dothi lamchenga lomwe limamwa madzi ngati chidakwa, pamene kwathu ndi makande ogwira madzi masiku angapo. Patatha masabata atatu tinawaonjezera maola. Cholakwa china chinali cha usiku. Ndondomeko yoyamba inagwetsera amayi ena maola a pakati pa usiku, ndipo iwo sankapita, poopa zimene mayi aliyense amaopa kuthengo mumdima. Madzi awo ankangotengedwa ndi oyandikana nawo, iwo osadandaula pamsonkhano. Ndinazidziwa kudzera kwa mayi a kunyumba, amene anazimva kuchigayo. Kuyambira pamenepo amayi okhala okha ndi okalamba amathirira masana, usiku ndi wa abambo, ndipo timayenda awiriawiri, mmodzi wa kumtunda mmodzi wa kumunsi. M'komiti tinaonjezeramo amayi, osati oti azingophika tiyi pamsonkhano.

Za chindapusa ndinene mwachidule. Chindapusa chachikulu sichigwira ntchito, chifukwa palibe amene amalimba mtima kukachitolera kwa m'bale wake. Chimene chinagwira kwathu n'chakuti wogwidwa akutseka ngalande amataya ulendo wake wotsatira wa madzi, ndipo amalambula mamita 20 a ngalande anthu akuona. Woyamba kugwidwa anali mlamu wawo wa atcheya. Anthu onse anadikira kuti aone. Atcheya anapita okha kukatseka geti la mlamu wawoyo, ndipo ndikukhulupirira kuti tsiku limenelo ndi limene lamulo lathu linabadwa, osati tsiku limene tinalilemba. Ndalama za msonkho wa madzi timaziwerenga pagulu kawiri pa chaka, risiti iliyonse ya simenti ndi girizi ikuonetsedwa. Anthu akangokayika kuti ndalama zikudyedwa, amasiya kulipira, kenako amasiyanso kumvera ndondomeko.

Pali chinthu china chimene ine ndinkachikana mpaka nditachiyesa. Tinakula tikudziwa kuti mpunga umafuna kumira m'madzi kuyambira pookera mpaka pokolola. Mlangizi uja anabwera ndi kachidutswa ka paipi ya pulasitiki kotalika masentimita 30, koboola timabowo kuzungulira theka lake. Anakazika m'ndime mwanga, mbali ya timabowo ili pansi, n'kuchotsa dothi la m'kati. Anati ndisathirire mpaka madzi a m'paipimo atatsika masentimita 15 kuchokera pamwamba pa dothi. Masiku oyamba ndinkadzuka usiku kukasuzumiramo ndi tochi. Pamwamba dothi linkaoneka louma, timing'alu tikuyamba, mtima uli m'mwamba, koma m'paipi madzi ali phee pamene pali mizu. Mpunga sunafote. Njira imeneyi anaikonza akatswiri a ku IRRI, bungwe lofufuza za mpunga ku Philippines, ndipo ili ndi malire ake amene muyenera kuwasunga: masabata awiri oyamba mutaokera musaumitse, ndipo mpunga ukayamba kutulutsa ngala ndi maluwa madzi akhalemo osachoka. Udzu umamera wambiri m'ndime youmitsa, ndiye konzekani kupalira kawiri kapena katatu. Pa dothi lamchenga sindikulangizani. Koma kwa ife a makande zinatanthauza kuti kudikira masiku anayi kuti ulendo wako ufike si imfa ya mpunga, ndipo munthu amene sakuchita mantha satenga thunthu la nthochi usiku.

Vuto limene sitinalithetse ndi la kunja kwa sikimu. Kumtunda kwa mtsinje, usanafike pamutu pa ngalande yathu, anthu atsegula madimba ambiri. Kale ankathirira ndi makeni, kenako mapampu opalasa ndi miyendo, pano ena ali ndi mainjini a petulo ndi mapampu a sola. Lamulo la madzi la 2013 limati wopatutsa madzi ambiri mumtsinje akhale ndi chilolezo, ndipo bungwe lathu limalipira chilolezo chake. Anzanga ena amafuna kuti tizikawalanda mapampu anthuwo. Ine sindigwirizana nazo. Mtsinjewo unalipo sikimu isanabwere, ndipo ambiri a iwo ndi ana a anthu amene malo awo analowa m'sikimu pomangidwa. Tinapita ndi amfumu athu kwa amfumu awo, tinakhala pansi kangapo, ndipo chimene tinapeza n'chakuti mu Okutobala ndi Novembala a mainjini azipopa m'mawa mokha. Ena amasunga, ena sasunga. Ndiponso kumunsi kwathu kuli asodzi a ku Chilwa, amene amatiyang'ana ife monga mmene ife timayang'anira a madimba. Nyanjayo ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukamo. Inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 tinaona mabwato atakhala pamatope ouma. Msodzi wina atandiuza pamsika kuti mpunga wathu ukumwa matemba ake, ndinayamba kumuyankha mwaukali, kenako ndinazindikira kuti ndikulankhula ndendende ngati bambo wa kumtunda uja.

Nthawi zina ndimamva pawailesi za ngalande yaikulu imene akukumba kuchigwa cha Shire kuchokera ku Kapichira, yoti idzathirire mahekitala masauzande ambiri ku Chikwawa ndi Nsanje. Ndimasangalala nazo, komanso ndimafuna nditacheza ndi alimi amene adzakhale kumapeto kwa tingalande take ting'onoting'ono, ndiwauze kuti afunse za ndondomeko ya madzi asanafunse za feteleza.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatikumbutsa kuti madzi saiwala khwawa. Mtsinje unabwerera m'njira yake yakale, unagumula khoma la pamutu pa ngalande, n'kusiya mchenga wofika m'chiuno. Ndime zanga zinasanduka dziwe kwa masabata atatu. Chitsulo cha ndondomeko tinakachipeza m'bango chitapindika. Tinafukula kwa mwezi wathunthu ndi makasu, mafosholo ndi mabeseni, ndipo kaundula wa obwera kuntchito amene ndinkalemba anasonyeza kuti a kumtunda ndi a kumunsi ankabwera mofanana, chinthu chimene mu 2016 sindikanachikhulupirira. Ambiri tinatuluka m'ntchito imeneyo ndi likodzo, ndiye mukamagwira ntchito yotere musanyozere kupita kuchipatala mukaona magazi m'mkodzo.

Amalume pano miyendo ikuwavuta, ndime zawo akulima ndi adzukulu. Mu Julayi wathawu, tsiku loyeza madzi, anabwera ndi ndodo yawo n'kukhala pamzere womwe uja. Mdzukulu wawo wamkazi ndi amene anaponya botolo, ine ndikuwerenga masekondi. Linatenga 31. Amalume anafunsa kuti ndiye ndime zingati, ndinawauza, anapukusa mutu n'kutuma mwanayo kuti akauze amayi ake achepetse mbewu yonyika.